Mzere Wofiira wa Hafu Pasiti Seveni

Tamanda ndi Limbani, ana anga, za ubwana wanga kumudzi ndazidumpha dala chifukwa mulibe chachilendo. Chimene ndikufuna chitsale papepala ndi nkhani ya rula yamtengo ili m'kabati mwanga, ija amayi anu akhala akufuna kusonkhezera pamoto. Makamaka ndikulembera iwe Tamanda, popeza tsopano uli ndi anthu pansi pako ku ofesi. Tsiku lija unandionetsa pa foni kamakina kamene antchito ako amadindapo chala m'mawa, ukuseka kuti kameneko sikamva "pepani". Ine sindinaseke nawe, ndipo unaganiza kuti ndi ukalamba. Sunali ukalamba. Ndinapsa mtima, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Chaka changa choyamba m'tauni

Ndinafika mu Lilongwe ndili ndi zaka makumi awiri, satifiketi ya Folomu 2 ndi malaya awiri. Sukulu yathu ya kumudzi inandiphunzitsa kulemba mooneka bwino, kuwerengera, ndi kuyang'ana pansi wamkulu akamalankhula. Chomalizachi ndicho chinandilowerera kwambiri. Ntchito yoyamba ndinaipeza ku Old Town, m'sitolo ya nsalu ya banja lina la amwenye. Ndinkayeza nsalu pa ndodo ya mita imene inakhomedwa pa kauntala. Anzanga ankawonjezera kachala kamodzi kapena tiwiri wogula akawasekerera, koma ine ayi. Pothera mita ndi pomwe ndinkalowetsa sizasi. Amayi ogula ankanditchula mnyamata wouma manja, koma bwana wamkulu ankandigwira paphewa nkumauza alendo ake kuti Kachere ndi rula yoyenda. Ndinkabwerera ku kachipinda kanga ka lendi ndili wonyada ngati andiveka mendulo. Lero ndikamaganiza ndimaona kuti matenda anga anayambira pamenepo. Ndinakhulupirira kuti chilichonse chowongoka ndi choona, ndiponso kuti bwana akamwetulira ndiye kuti ndachita bwino pamaso pa Mulungu.

Chaka chachitatu: buku la mayina

Bwana yemweyo ndiye anandilankhulira kwa mnzake wa kampani ina imene inkatumiza antchito m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, abambo osamala maluwa ndi kapinga, ndi amayi okolopa ndi kuchapa. Dzina la kampaniyo sinditchula, pano inatha. Ofesi yaikulu inali ku City Centre, koma antchito ankasonkhana m'mawa uliwonse m'galaja ya nyumba ina yosamaliza kumanga ku Area 43. Ankatengamo zida nkumwazikana aliyense kunyumba imene anapatsidwa. Ine anandiika m'galajamo ngati kalaliki. Anandipatsa tebulo la miyendo yosalingana, wotchi yapakhoma, buku lalikulu la mayina, bolopeni yofiira ndi rula. Wofika aliyense ankalemba dzina lake m'bukumo, wosadziwa kulemba ankadinda chala. Hafu pasiti seveni ikakwana ndinkayenera kujambula mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza. Wolemba pansi pa mzerewo ndiye wachedwa, ndipo lamulo linkati wopezeka pansi pake katatu m'mwezi umodzi achotsedwe ntchito.

Kapitawo wathu anali a Phiri, mkulu wa imvi amene anakulira m'maesiteti a fodya. Tsiku loyamba limene mvula inagwa kwambiri, muvi wa wotchi utangofika pamalo pake ndinagoneka rula pabuku. A Phiri anandigwira dzanja. Sanakalipe. Anati, "Mwana wanga, wotchi ili pakhomayo siona kunja. Iwe uli ndi maso." Anandifotokozera kuti antchito ambiri ankachokera kumidzi ya kutsidya kwa dambo. M'chilimwe dambolo limauma, anthu nkumangodutsa. M'dzinja limadzaza, ndiye amazungulira kukawolokera pa kamlatho kamene kali kumunsi. Choncho m'galaja mwathu munali mizere iwiri. Wa chilimwe unkatsata wotchi. Wa dzinja unkadikira kuti bambo wina wosamala maluwa, a Mbewe, alowe, chifukwa a Mbewe ndiwo ankakhala kutali kuposa onse, ndipo sanali munthu wogona. Iwo akafika ndiye kuti aliyense wofuna kufika wafika. Ofika mochedwawo ankawerukanso mochedwa popanda wowauza, ndipo eni nyumba sanadandaulepo. Ndinamvera a Phiri, koma ndisaname, sindinamvere chifukwa chomvetsa. Ndinamvera chifukwa anali bwana amene anali pafupi.

A Zakeyu Mbewe anali bambo wamfupi, wa manja olimba ngati mpini, wosatha nthabwala. M'dzinja ankanyamula nsapato m'manja nkudzazivalira pa geti kuti asalowe nazo ndi matope m'mabwalo a eni ake. Majombo ndi marenikoti ankatilonjeza ku City Centre chaka chilichonse, koma chimene chinkabwera ndi fomu yoti tilembenso masaizi. Ngakhale bolopeni yofiira ikatha ndinkakagula ndekha ku Old Town. A Mbewe akalowa m'galaja ankayamba ndi kufunsa ngati akalaliki awasungira malo kumwamba, kapena lero awaponya kumoto. Amayi okolopa ankaseka, ine nkumabisa nkhope m'buku. Iwo anabadwira pamalo pomwe pali Area 43 lero. Mudzi wawo unasamutsidwira kutsidya kwa dambo tauni itayamba kukula, iwo ali mnyamata. Sankadandaula nazo. Ankangoti ndi anthu ochepa amene amalipidwa chifukwa chothirira munda wa bambo awo.

Zaka zinkapita, nyumba zikuchuluka. Aliyense wogula puloti ankayamba ndi mpanda wa njerwa nyumba isanamangidwe nkomwe, ndipo mpanda wina unkalumikizana ndi unzake osasiya ngakhale podutsa mbuzi. Ndinayamba kuona kuti a Mbewe akufika mochedwerapo chaka ndi chaka, ngakhale m'chilimwe. Tsiku lina a Phiri anawafunsa mwanthabwala ngati miyendo yayamba kukalamba. Iwo anayankha kuti, "Nyumba yanga sinasunthe, galaja yanu sinasunthe, koma njira ikukula ngati mwana wodya bwino." Tonse tinaseka. Ine ndinaseka nawo, koma sindinafunse kuti akutanthauza chiyani kwenikweni, ndipo sindinapiteko kukaona.

Chaka cha khumi ndi chimodzi: mapu pa boneti

A Phiri anapuma ntchito nkubwerera kwawo. M'malo mwawo ku City Centre sanatumize kapitawo wina. Anatumiza manejala, a Msosa, bambo wachichepere wa digiri yake, galimoto yake ndi nsapato zosadziwa fumbi. Sindinganene kuti anali wamwano. Ankapereka moni kwa aliyense, ndipo ine ankanditchula a Kachere, ulemu umene palibe anandipatsapo. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu anadza nako ndithu, koma sanafunse kuti akumeta mutu wa yani. Sabata yoyamba anatenga mabuku akale nkumawatsegula tsamba ndi tsamba. Anandifunsa kuti zimatheka bwanji kuti miyezi ya mvula, imene dziko lonse limachedwa, kwa ife kulibe dzina ngakhale limodzi pansi pa mzere. Ndinawauza za mizere iwiri ya a Phiri. Anaseka mpaka kupukuta magalasi, nkunena kuti kampani siyendera nyengo ngati chimanga, ndipo kuyambira pamenepo mzere ndi umodzi.

Mvula itayamba, mayina anayamba kugwera pansi pa mzere. Antchito anapempha msonkhano, ndipo a Msosa anavomera. Loweruka lina m'mawa anaimika galimoto pakhomo pa galaja nkutambasula mapu a mzinda pa boneti, ife titazungulira. Anapempha rula yanga. Anaika nsonga imodzi pa galaja yathu, ina pamudzi wa a Mbewe, nkuwerengera pa kapepala. Anati ndi makilomita awiri ndi theka, ndipo munthu wabwinobwino amayenda mtunda umenewo kwa theka la ola. A Mbewe anavula chipewa. Anafotokoza mofatsa kuti kale zinalidi choncho, koma tsopano amanyamuka kusanayere bwino ndipo amafikabe wotchi itawapitirira, chifukwa njira imene ankadutsa inatsekedwa ndi mpanda, ina imene anaipeza pambuyo pake inatsekedwanso, ndipo m'dzinja pamawonjezekera kuzungulira kwa ku mlatho.

A Msosa anagogoda mapu ndi rula. "Mtunda si mwana woti uzikula, bambo. Apa ndi apa, ndi pomwepa. Za njira zanu zakalezo zinapita, tauni ikupita kutsogolo."

Kenaka anatembenukira kwa ine, pamaso pa anthu onse, nkundifunsa kuti popeza ndakhala m'dera limeneli zaka zambiri, kodi mapuwa akunama. Ana anga, ndinali ndi zaka makumi atatu, ndinali ndi mkazi ndi mwana, ndipo ndinali nditaona a Mbewe akulowa atanyowa mpaka m'chiuno kwa zaka zisanu ndi zitatu. Ndinayang'ana pansi monga anandiphunzitsira kusukulu nkunena kuti, "Mapu sanama, bwana." Mmodzi mwa amayi okolopa anatsonya mokweza. A Mbewe anavalanso chipewa chawo. A Msosa anandibwezera rula ndi kumwetulira, ndipo ine, chitsiru, ndinamva kukoma.

Dzinja la chaka chomwecho

Mwezi umenewo a Mbewe anali atagwera kale pansi pa mzere kawiri. Anayamba kunyamuka molawirira kuposa kale, ndipo kwa masiku angapo ankafika nthawi isanakwane, maso ali ofiira. Kenaka kunagwa mvula imene inafika mpaka m'mawa osadukiza. Lachitatu limenelo a Msosa kunalibe. Iwo ankangobwera Lachisanu kudzaona buku. M'galaja munali ine ndi antchito basi. Kutatsala mphindi ziwiri kuti hafu pasiti seveni ikwane, mayi wina amene anaima pakhomo anati akuona a Mbewe. Ndinasuzumira. Anali kumapeto kwa msewu, pakati pa mipanda iwiri italiitali, akuthamanga. Bambo wa zaka zoposa makumi asanu, nsapato m'manja, buluku litamatirira m'miyendo, akuthamangira mzere wanga.

Amayi anazungulira tebulo. Wina anati, "Akalaliki, dikirani pang'ono, si awo akubwerawo? Mukuwaona ndi maso anu."

Ndakhala ndikudziuza kwa zaka zambiri kuti ndinachita mantha, kuti ndinaganiza za iwe Tamanda uli wakhanda, ndiponso kuti mwina wina akanakandinenera. Limenelo ndi bodza limene ndinadzipangira kuti ndizigona tulo. Palibe akanandinenera, onse anali kumbali ya a Mbewe. Choona ndi chakuti ndinkafuna kuti Lachisanu a Msosa akatsegula buku adzandiuzenso kuti ndine munthu wodalirika. Muvi unafika. Ndinagoneka rula, ndinaiwongola bwinobwino, nkukoka bolopeni kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

A Mbewe analowa patangopita mphindi zitatu, akupuma ngati ng'ombe yomasulidwa pangolo. Anayang'ana buku. Sanafunse ngati ndawasungira malo kumwamba. Anapukuta dzanja mkati mwa malaya kuti asanyowetse tsamba, analemba dzina lawo pansi pa mzere mosamala, kenaka anati, "Mzere wanu ndi wowongoka bwino, akalaliki." Anatenga khasu ndi chikwakwa nkukagwira ntchito tsiku lonse m'mvula, m'bwalo la anthu amene anali asanadzuke nkomwe pamene iwo ankathamanga. Lachisanu a Msosa anaona buku, anandiyamikira monga ndinkafunira, nkuuza a Mbewe kuti asadzabwerenso, kalata idzawapeza.

Sabata yotsatira: kalata

Kalatayo inabwera kuchokera ku City Centre itadindidwa kale. A Msosa anandipatsa cha m'ma wani koloko kuti ndikaipereke ndekha kwa mwini wake. Anati ndi pafupi pomwepa, theka la ola kupita, theka la ola kubwera, pofika thu koloko ndikhale nditabwerera kuti tikonze lipoti. Ndinavomera ndi manja awiri. Zaka zonsezo ndinali ndisanapondeko kutsidya kwa dambo, chifukwa ine ndinkakhala mbali ina ndipo minibasi inkanditsitsa pamsewu waukulu.

Ndinalunjika kumene rula inaloza tsiku lija. Nditangoyenda pang'ono msewu unathera pa geti lachitsulo. Ndinabwerera nkulowa msewu wina, nawonso unathera pa mpanda wa waya wamagetsi pamwamba, agalu akuuwa mkati. Mlonda wina anandimvera chisoni nkundiuza kuti nditsate mpandawo mpaka utatha, kenaka ndikhote, kenaka ndikhotenso, ndipo ndikaona kanjira ka pakati pa nyumba ziwiri ndisalowemo chifukwa anakatseka chaka chatha. Pamalo ena okwera ndinkaona madenga a mudziwo ndi utsi wake, pafupi kwenikweni, moti munthu wa mawu akulu akanaitana nkumveka. Koma ine ndinkayenda nditaufulatira. Nditatuluka m'mipandamo ndinapeza dambo litadzaza madzi ofiira. Ndinatsata m'mbali mwake kunka kumunsi, matope akundivula nsapato, mpaka ndinazivula ndekha nkuzinyamula m'manja. Nditaziona m'manja mwangamo ndinaima kaye ndi manyazi. Ndinawoloka pa kamlatho ka mitengo nkuyambanso kukwera mtunda womwe ndinatsika uja, koma tsopano tsidya linalo. Ndinafika pakhomo pa a Mbewe fili koloko itapitirira.

Akazi awo, a Nabanda, anandiyalira mphasa nkundipatsa madzi otsukira mapazi, ngakhale ankadziwa chimene ndanyamula ndi amene anajambula mzere. Ndikanakonda akananditukwana. A Mbewe anawerenga kalatayo pang'onopang'ono, anaipinda nkuiika m'thumba, kenaka anandifunsa kuti ndanyamuka nthawi yanji. Nditawauza, anayang'ana dzuwa nkupukusa mutu.

"Ndiye mwachedwa, akalaliki. Theka la ola basi, inu mwakhalira chiyani m'njiramu?"

Anaseka okha. Ine ndinalephera ngakhale kupepesa. Anandiperekeza, koma sanayambe ndi njira ya ku mlatho. Anandiwolotsa pamalo ena pomwe madzi ankafika m'ntchafu, atandigwira dzanja ngati mwana, nkunditengera pa kanjira kofiira koponderezeka bwino kamene kankakwera mtunda. Kanjirako kanakathera pa khoma. Sikanakhote kapena kuzilala pang'onopang'ono, kanangolowa pansi pa njerwa. Anandiuza kuti kuseri kwa khomalo kuli nyumba zitatu, kenaka galaja yathu, ndipo kale ankanyamuka kunyumba madzi a tiyi ali pamoto nkufika kuntchito thukuta lisanatuluke. Analoza nthambi za mtengo wa mango zimene zinkaonekera pamwamba pa waya, nkunena kuti anaudzala ndi mayi awo kuseri kwa khitchini yawo.

Ndinawafunsa chifukwa chake kanjirako sikanamere udzu ngati palibe akudutsapo. Anati ndi mapazi a anthu ngati iwo. M'mawa munthu uli ndi tulo m'maso, miyendo imakutengera kumene inazolowera, umazindikira utafika pakhoma nkubwerera. "Bwana wanu akuti zakale zinatsala kumbuyo. Ine zakale ndimaomba nazo mphuno m'mawa uliwonse, kenaka nkuzizungulira. Akakhala m'galimoto, kutsogolo ndi kumodzi. Ife oyenda pansi, kuti tifike kutsogoloko timayamba tabwerera."

Ndinafika ku galaja anthu ataweruka. A Msosa anali m'galimoto, injini ikulira, akundidikira. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndinayang'ana bwana kumaso. Ndinawauza kuti ndinanama pa msonkhano uja, kuti mzere wa pamapu umadutsa m'mabwalo a anthu, pamwamba pa waya wamagetsi ndi pamadzi, ndipo palibe munthu wa miyendo angayendepo. Ndinawapempha kuti mawa asiye galimoto tikayende limodzi, akaone okha, ndipo akabweze a Mbewe pantchito. Anayang'ana buluku langa lamatope. Anati mwina ndinangosochera poti ndinali mlendo kumeneko, ndipo ngakhale zitakhala zoona, kalata yadindidwa kale, munthu wina wayamba kale ntchito, sitingabwerere m'mbuyo. Anakweza galasi nkunyamuka.

Sitingabwerere m'mbuyo! A Mbewe ankabwerera m'mbuyo m'mawa uliwonse, pakhoma lililonse, kuti akathirire kapinga wa anthu ena. Koma pepala limodzi la ku City Centre silikanatha kubwerera. Mpaka lero ndikamva munthu wa m'galimoto akuti "ndi pafupi pomwepa" mutu umanditentha. Pafupi kwa yani? Eni mipanda aja ankafuna wantchito afike hafu pasiti seveni, koma ndiwo omwe anatseka njira yake, ndipo palibe mmodzi anaganizapo zosiya kampata ka mita imodzi, mita yomwe ija ndinkayeza ku Old Town. Wojambula mapu anajambula misewu ya matayala, njira za mapazi sanazione. Wotchi inkayenda mofanana m'chilimwe ndi m'dzinja ngati kuti dambo kulibe. Zonsezi zilibe maso, ndipo sindizida kwambiri. Amene anali ndi maso ndi ine.

Kuyambira tsiku lotsatira ndinabwerera ku mizere iwiri ya a Phiri mwakachetechete. Mvula ikagwa ndinkadikira mpaka womaliza wa kutsidya atalowa. Ndinachita zimenezi zaka zonse zimene zinatsala. A Msosa sanazindikire nkomwe, ankangoona kuti buku ndi loyera, ndipo patapita zaka ziwiri anakwezedwa nkupita kwina. Ichi ndicho chimandipweteka koposa. Palibe chinandichitikira. Sanandichotse, sanandikalipire, palibe anafunsa. Ndiye kuti Lachitatu lija mphindi zitatu zinali zanga, zaulere, ndipo ndinawamana. A Mbewe sanapezenso ntchito yokhazikika. Pa msinkhu umenewo palibe ankawafuna. Anayamba kukumba mchenga mumtsinje nkumagulitsa kwa omanga mipanda, mpaka msana unawakana. Ndinkatumiza moni ndi tinthu tating'ono kudzera mwa amayi okolopa, koma nkhope yanga sindinakaionetsenso.

Chaka chachiwiri nditapuma ntchito

Tsiku lotsanzika ndinasiya buku, tebulo ndi wotchi, koma rula ndinaiika m'chikwama osapempha. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinabapo m'moyo wanga. Ndikusiyira iwe Tamanda. Kamakina kako kalibe dzanja loti wina angaligwire monga a Phiri anagwirira langa, choncho dzanjalo ndi iweyo. Usanachotse munthu chifukwa cha mphindi, usiye galimoto ukayende kaye njira yake, m'mwezi wa mvula.

Chaka chathachi mmodzi mwa amayi aja anandiimbira foni kuti a Mbewe atisiya, ndipo mwambo woika maliro uyamba masana dzuwa likangopendeka. Ndinaganiza zopita wapansi kuchokera pa galaja yakale ija, njira yomwe ndinayenda ndi kalata, ngati kuwapepesa. Ndinadzipatsa maola atatu, popeza miyendo yafooka. Ndinkati njirayo ndikuidziwa. Koma pomwe mpanda unkathera kale, tsopano unkapitirira. Pomwe ndinatulukira kuona dambo panali geti ndi mlonda wa yunifomu amene anandifunsa kuti ndikufuna nambala yanji. Mbali ina ya dambo anaikwirira nkumangapo nyumba zosanja, ndipo kanjira ka ku mlatho kanalowa pansi pa njerwa ngati kanzake kaja. Ndinkamva nyimbo za maliro chapafupi, mphepo ikuzibweretsa pamwamba pa waya, ine ndikuyenda nditazifulatira. Ndinayesa kuthamanga, mkulu wa imvi, jekete m'manja.

Nditafika, anthu anali atabwerako kumanda, akusamba m'manja. Anandilozera m'nyumba momwe munali a Nabanda, atakalamba, atakhala pamphasa pakati pa amayi anzawo. Sindinkadziwa ngati andikumbukira. Ndinagwada pakhomo, mpweya usanabwerere bwino, nkunena kuti, "Pepani mayi, ndachedwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka ku nsapato zanga zafumbi. Kenaka anasendera pang'ono kuti pamphasa papezeke malo.

"Mwafika, akalaliki. Kuno sitijambula mzere. Lowani mukhale pansi."